Chitedze cha m'nyanja ya mchere: tichenjezane Disembala asanafike

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi ndifotokoze zimene zinandionekera ku Beira chaka chatha, poti Disembala wayandikira ndipo anthu ayamba kale kusonkherana ndalama za maulendo okaona nyanja ya mchere. Kutchalitchi kwathu achinyamata akukonza ulendo wawo, amayi nawonso akuti chaka chino satsala. Zimenezo ine sinditsutsa ayi, nyanja ija ndi yofunika kuti munthu akaione ndi maso ake. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti timapita kumeneko titanyamula nzeru za kumtsinje, ndipo nzeru zomwezo ndi zimene zinandipweteketsera mwana wa mlongo wanga.

Ndine dalaivala wa lole, kwathu ndi ku Furancungo m'boma la Macanga. Msewu wochoka mu Tete kudzera ku Changara, Guro, Catandica mpaka kukagwera wa ku Chimoio ndi Inchope ndauyenda zaka zochuluka, moti maenje ake ndimawadziwa ngati ana anga. Koma zaka zonsezo ntchito inali kutsitsa katundu kudoko, kugona m'lole, m'mawa n'kutembenuka. Nyanja ndinkangoiona patali ngati munda wa eni. Choncho mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 11, atakhoza bwino mayeso n'kundikumbutsa lonjezo langa loti ndidzamuonetsa nyanja yopanda tsidya, ndinavomera modzitama ngati munthu woidziwa Beira. Mlongo wanga ponditsazika anati, "Achimwene, mwanayu sadziwa kusambira, musamutaye m'maso." Ndinamuyankha kuti mwana amene ali m'manja mwa malume ake saopa kanthu.

Tinakwera basi, ndipo tsiku lachiwiri chakum'mawa tinali pa gombe la Macuti, pafupi ndi nsanja younikira zombo ija. Usiku wonse kunali mphepo yochokera kunyanja. Madzi anali atabwerera kutali, poti ku Beira nyanja imadzaza ndi kuphwa modabwitsa, masiku ena kusiyana kwake kumaposa mamita 5. Ine mtima unali m'malo, ndinati madzi ali uko, ng'ona kulibe, mvuu kulibe, mwana athamange mmene akufunira. Pamzere umene mafunde anasiya zinyalala panali tinthu tambirimbiri ta buluu, towala ngati tibaluni tofufuma, tina ngati chala chachikulu, tina tokulirapo pang'ono. Ndinayesa mapulasitiki. Ndinamuona mwanayo akuwerama kutola kamodzi, n'kukakweza m'mwamba kuti andionetse. Pansi pake panalendewera kaulusi katali ka buluu, ndipo mphepo inakakulunga padzanja ndi pamkono.

Kukuwa kumene anakuwa mwana uja sindidzakuiwala. "Malume, ndapsa! Ndapsa!" Ndinathamanga ndi botolo la madzi akumwa limene ndinali nalo m'manja, n'kumukhuthulira lonse pamkono. Kulira kunawonjezeka. Ndinatapa mchenga n'kuyamba kumukhula nawo, monga tinkachitira tili ana chitedze chikatigwera kudambo. Mizere yofiira inayamba kutuluka pakhungu ngati wakwapulidwa ndi waya wamoto, ili ndi timadontho tondondozana ngati mikanda. Anthu anasonkhana. Mnyamata wina anati timukodzere, wina anatulutsa kabotolo ka mowa waukali kuti tithirepo. Kunena zoona a Mkonzi, ndikanachita zonsezo, chifukwa munthu mwana akamalira m'manja mwako umamvera aliyense.

Amene anatipulumutsa ndi bambo wina wachikulire, msodzi, amene ankasoka ukonde chapafupi. Anandigwira dzanja mwamphamvu n'kundikalipira m'Chisena, ndipo ngakhale Chisena ndimachimva mwapatalipatali, mawu oti lekani ndinawamva bwino. Anatunga madzi a m'nyanja ndi chigubu chodula, n'kumathira pamkono pang'onopang'ono osakhula, kwinaku akuchotsa tizidutswa ta ulusi tija ndi kamtengo. Kenaka anatitengera kwa mayi wina wokazinga nsomba pa kabaraka kake, amene anatenthetsa madzi m'poto. Mayiyo anayamba waviika chigongono chake kuti aone ngati sangawaule mwana, n'kuviika mkono wa mnyamatayo m'beseni. Madzi akayamba kuzizira ankawonjezera ena. Patatha mphindi ngati 20 kulira kunasanduka kusisima. Tinapitabe kuchipatala chifukwa ankadandaula mwanabere m'khwapa. Anamupatsa mankhwala opha ululu ndi ena odzola, ndipo namwino atamva zimene ndinachita poyamba anangopukusa mutu, n'kunena kuti anthu ochokera kumtunda nthawi zonse amafika atakhula ndi mchenga.

Foni ya kwa mlongo wanga madzulo ake ndisaifotokoze. Kwa ife Achewa mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako, ndiye taganizani malume wathunthu kukanena kuti mwana wapwetekedwa ndi chinthu chimene ngakhale dzina lake sindikulidziwa.

Dzina ndinalidziwa pambuyo pake. M'Chipwitikizi zamoyo zonse za mtundu umenewu amati alforreca kapena medusa, Angerezi amati jellyfish, ndipo kabuluu kamene kanapweteka mwanayu ndi caravela-portuguesa, kamene ku South Africa amati bluebottle. Chibwerereni ndakhala ndikufunsa asodzi ndikapita kudoko, komanso mwana wanga wamkazi amene akuphunzira za unamwino wandithandiza kuwerenga pa intaneti. Zimene ndapeza ndi zimene ndikufuna owerenga anzanga amve.

Alforreca si nsomba. Ilibe mafupa, ilibe mtima, ilibe ubongo, ndipo thupi lake pafupifupi magawo 95 pa 100 alionse ndi madzi okhaokha. Ikakhala m'madzi imaoneka ngati ambulera ya phala loonekera mkati, pansi pake pakulendewera zingwe. Ululu uli m'zingwezo. Chingwe chilichonse chili ndi timatumba masauzande ambiri tosaoneka ndi maso, ndipo m'kathumba kalikonse muli kamuvi kopindidwa kokhala ndi ululu. Khungu likangokhudza, timivi tija timafwamphuka mwaliwiro loposa kuphethira kwa diso n'kulowa m'thupi. Chamoyocho sichichita kuganiza kuti ndimulume uyu. Ndi msampha wotchera kale, n'chifukwa chake ngakhale chitafa, chitauma pamchenga, kapena chingwe chitaduka n'kumayandama pachokha, chimapwetekabe.

Apa ndi pamene panagona kulakwa kwanga. Chingwe chikamata pakhungu, si timatumba tonse timene timaphulika nthawi yomweyo. Tambiri timatsala tili chitcherere. Ukakhula ndi mchenga kapena nsalu, ukutiphulitsa ndi dzanja lako. Ukathira madzi opanda mchere, kusintha kwa madziko kumatiphulitsanso. Mowa nawo umachita chimodzimodzi, ndipo mkodzo palibe chimene umathandiza kupatula kuchititsa manyazi munthu amene ali kale pa ululu. Ndiye onani, madzi oyera amene kwathu timati ndiwo oyamba pa bala lililonse, kunyanja ya mchere ndiwo amawonjezera moto. Ine ndi manja angawa ndinamuwonjezera mwana uja ululu kawiri konse, ndikuyesa ndikumuthandiza.

Kabuluu kaja kali ndi zake zodabwitsa. Akatswiri amati si chamoyo chimodzi koma gulu la tizamoyo tolumikizana, tina ntchito yake kuyandamitsa, tina kugwira chakudya, tina kugaya, tina kuswana. Kabaluni kamakhala pamwamba pa madzi ngati thanga la ngalawa, ndipo sikatha kusambira, kamangopita kumene mphepo yakakankhira. N'chifukwa chake mphepo ikaomba kuchokera kunyanja kwa tsiku limodzi kapena awiri, m'mawa umapeza gombe lonse lili mbwee. Zingwe za zikuluzikulu zimafika mamita 10, zina mpaka 30, kutanthauza kuti ukhoza kuona kabaluni kali patali iwe n'kumati ndatalikira, chikhalirecho chingwe chili m'miyendo mwako. Msodzi uja anandiuza mwachidule kuti ukaona tiwiri titatu pamchenga, dziwa kuti m'madzimo muli anzake, tsiku limenelo khala kumtunda udye nsomba yako.

Chithandizo chake pa kabuluuka n'chimene anachita bambo aja. Mutulutseni munthu m'madzi msanga, chifukwa ululu ukhoza kumusokoneza n'kumira ngakhale pamalo osaya. Tsukani ndi madzi a m'nyanja momwemo. Chotsani zingwe zotsalira ndi kamtengo kapena chopanira, osakhula. Kenaka viikani m'madzi otentha amene munthu angathe kupirira osapsa, pafupifupi madigiri 45, kwa mphindi 20. Woyesa madziwo akhale munthu wina, poti wopwetekayo sangasiyanitse kutentha kwa madzi ndi kwa ululu. Madzi otentha akasowa, ayezi wokulunga m'pulasitiki amachepetsako ululu, bola asasungunukire pabalapo.

Nkhani ya viniga, amene kuno timagula m'mabotolo olembedwa vinagre, ndi yofunika kuimva bwino chifukwa anthu amaisokoneza. Pali mtundu wina woopsa kwambiri, wa thupi la ngodya zinayi ngati kabokosi, umene Angerezi amati box jellyfish. Woopsetsa mwa yonse ndi Chironex fleckeri wa kumpoto kwa Australia, wokhala ndi zingwe zofika 60, chilichonse mpaka mamita 3, ndipo ululu wake ukhoza kuimitsa mtima m'mphindi zochepa, makamaka kwa mwana. Mtundu umenewu uli ndi maso 24, umasambira wokha osadalira mphepo, ndipo m'madzi suoneka bwino. Abale ake amapezekanso m'madera ena otentha a nyanja ya India ndi ya Pacific. Pa mtundu uwu viniga ndiye woyamba: kuthira wambiri kwa masekondi 30 kapena kuposa, kuti timatumba totsala tisaphulike. Sachotsa ululu umene walowa kale, amangotseka khomo kuti wina usalowe. Ku Queensland, chigawo cha ku Australia komweko, m'magombe ambiri amaika mabotolo a viniga pamitengo kuti aliyense atenge, ndipo m'nyengo yotentha, kuyambira cha mu Novembala mpaka Meyi, amatchinga malo osambira ndi maukonde. Koma pa kabuluu kathu kaja akatswiri sagwirizana. Malangizo a ku Australia amati usathire viniga, pomwe ofufuza ena a ku Hawaii ndi ku Ireland anapeza mu 2017 kuti amathandiza. Ine monga dalaivala sindingaweruze mlandu wa anthu ophunzira. Chimene onse amavomerezana ndi madzi otentha ndi kusakhula, ndiye ine ndagwira pamenepo.

Palinso kena kakang'ono ngati chikhadabo, kotchedwa Irukandji, kamene poluma sumva kupweteka kwenikweni, koma pakatha mphindi 20 kapena 30 munthu amayamba kumva msana ndi m'mimba ngati akumuthyola, thukuta, kusanza, magazi kuthamanga kwambiri. Dokotala wina wa ku Australia, Jack Barnes, m'zaka za m'ma 1960 anakagwira n'kudzilumitsa dala, kulumitsanso mwana wake wa zaka 9 ndi mnyamata wina wopulumutsa anthu pagombe, kuti atsimikize kuti matendawo amachokera kwa iko. Onse atatu anakathera kuchipatala, mwamwayi anachira. Nditawerenga zimenezo ndinadzitonthoza kuti pali ena anachitapo zoposa zanga, ngakhale sindikudziwa kuti mkazi wake anamulandira bwanji kunyumba. Phunziro lake kwa ife n'lakuti munthu akalumidwa musamusiye yekha ola loyamba. Akayamba kubanika, kumva kupweteka pachifuwa kapena msana, kusanza, kutupa milomo, kuchita chizungulire, kapena ngati walumidwa kumaso, pakhosi, kaya mbali yaikulu ya thupi, thamangirani kuchipatala osadikira. Mwana wamng'ono ndi nkhalamba, ine ndingati apite basi ngakhale zikuoneka zazing'ono.

Ena afunsa kuti zimachulukana bwanji chonchi mpaka kudzaza gombe. Mphepo ndi kayendedwe ka madzi ndizo zimazisonkhanitsa malo amodzi, ndipo mitundu yambiri ili ndi nyengo yake yoswana, madzi akafunda. Ku Waikiki, ku Hawaii, zimabwera motsata mwezi, masiku 8 mpaka 10 mwezi utakhala wathunthu, moti anthu amadziwiratu pa kalendala. Koma dzanja la munthu lilimonso. Nsomba zing'onozing'ono zimene zimalimbirana chakudya ndi alforreca zikagwidwa mopitirira muyeso, alforreca zimatsala zokha pa mphika. Ku Namibia zinachitika nsomba za sadini zitatha, ndipo kafukufuku wa mu 2006 anapeza kuti kulemera kwa alforreca m'nyanja ya kumeneko kunaposa kwa nsomba katatu n'kupitirira. Ku Japan kuli zina zikuluzikulu zofika mamita 2 ndi makilogalamu 200, zimene mu 2009 zinagubuduza boti la asodzi la matani 10 pamene ankakoka ukonde wodzaza nazo. Mu Ogasiti 2025 ku Gravelines, m'dziko la France, zinatseka mapaipi olowetsa madzi oziziritsira makina pamalo opangira magetsi a nyukiliya mpaka makina anayi anaima. Chinthu chopanda ubongo kuimitsa magetsi a Azungu! Ife a ku Tete amene timadyera kapenta wa ku Cahora Bassa, nkhani ya ku Namibia ija tiyenera kuimva ndi makutu awiri, ngakhale nyanja yathu ndi ya madzi opanda mchere.

Ndinadabwanso kumva kuti m'madzi opanda mchere zilimo. Ku nyanja ya Tanganyika ndi ku Kariba, pa Zambezi wathu yemweyu, kuli tina tating'ono ngati ndalama yachitsulo, koma timeneto sitivutitsa anthu monga za kunyanja ya mchere.

Mdani wamkulu wa alforreca ndi kamba wa m'nyanja, makamaka wamkulu uja wa msana wachikopa amene amaikira mazira m'magombe a kum'mwera kwa dziko lathu, cha ku Ponta do Ouro. Chakudya chake chenicheni ndi chimenechi. Tsoka lake n'lakuti jumbo yoyandama m'madzi imaoneka ndendende ngati alforreca, ndipo akaimeza imamutseka m'mimba. Ndikaima pa mlatho wa Revúbuè dzinja n'kuona majumbo akutsetsereka kupita mu Zambezi, ndimadziwa tsopano kumene akupita. Ine ndemwe ndataya ambiri pawindo la lole.

Chodandaula changa chachikulu, a Mkonzi, n'chakuti zonsezi zinalembedwa m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi, m'mabuku a alendo okaona malo amene amafika pa ndege. Mayi wa ku Domué kapena ku Tsangano amene wasunga ndalama za mbatata chaka chonse kuti akaone nyanja ndi ana ake, adzazimva kuti? Tsiku lija ine sindinaone chikwangwani chochenjeza, ndipo chikanakhalapo m'chilankhulo cha eni, ambiri a ife tikanangochidutsa. Dziko lathu lili ndi gombe lotalika makilomita oposa 2,400, koma ife a kumtunda timakula tikudziwa ng'ona, mvuu ndi likodzo basi. Mwana wa ku Zumbo amadziwa kuti madzi odekha a bii ndi okayikitsa, koma palibe anamuuzapo kuti chinthu chokongola cha buluu pamchenga sachigwira. Ndipo si ife tokha. Abale athu a ku Dedza, Ntcheu ndi Chipata amene amawerenga nyuzipepala ino amapita ku Nacala, ku Dar es Salaam, ena ali pa ntchito ku Durban kumene tibuluu timeneti timabwera kawirikawiri nthawi ya tchuthi.

Ndiye ndikupempha kuti mulembe nkhaniyi ndi chithunzi cha mtundu, kuti anthu akaone maonekedwe ake asananyamuke. Mawayilesi a m'madera athu, amene amatiuza za mitengo ya feteleza ndi katemera wa ana m'chilankhulo chathu, apatuleko mphindi zisanu mu Novembala ndi Disembala. Aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo amene mukutenga ana a eni, mukafika pagombe yambani mwafunsa asodzi kuti lero m'madzi muli bwanji. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya ndithu, msodzi ali pomwepo mamita ochepa kuchoka pamene ndinakhala. Yendani kaye pamzere wa zinyalala muone chimene mafunde abweretsa. Ana avale nsapato poyenda pamchenga, ndipo muwaletse kutola kapena kuponda tibaluni kuti tiphulike, poti ana amakonda masewera amenewo.

Kumagombe anthu a m'tauni amatiseka ife akumudzi kuti timalowa m'madzi ndi malaya ndi mathalauza. Asekeni nanunso. Timivi tija ndi tatifupi kwambiri moti nsalu yopyapyala yogwira thupi imatitchinga, ndipo ku Australia opulumutsa anthu pagombe kale ankavala masokosi aatali a amayi pa chifukwa chomwechi, asanayambe kusoka zovala zake zenizeni. Chokhacho, amayi, chitenje chomasuka m'mafunde ayi, chimakulunga miyendo.

Mnyamata uja mizere inamutha patapita milungu iwiri, kuyabwa ndiko kunachedwerapo. Kusukulu anasanduka munthu wotchuka, aliyense kufuna kuona mkono. Anzake atamufunsa kuti chinakuluma n'chiyani, anasowa dzina n'kungoti chitedze cha m'nyanja, ndipo kwathu kuno dzina lakhala lomwelo. Ngati alipo owerenga amene anakhalitsa ku Quelimane, ku Nacala kapena ku Beira ndipo akudziwa mmene Asena, Achuwabo kapena Amakua amachitchulira, atilembere kudzera mwa inu kuti tikafika kumeneko tizidziwa chofunsa. Chaka chino akuti akufuna kupitanso, ndipo mng'ono wake naye walowa pamzere. Fulasiki ya madzi otentha ndagula kale, botolo la viniga lili m'chikwama. Chatsala n'kukagwada kwa mayi awo, amene mpaka lero ndikatchula Beira amangondiyang'ana osayankha.

Ine wowerenga wanu,
Dalaivala wa lole,
Furancungo, Macanga, Tete